Ulemu kwa Nkhumba Youluka ndi Abale Ake

Gwadani pansi, ombani m'manja mwaulemu, pakuti lero tikutamanda mfumu imene sinalongedwepo ufumu: dzina lonyoza. Ena amati kanthu kameneka n'kachabechabe, kobadwa m'kamwa mwa anthu osowa chochita. Akunama. M'mashedi a sitima za malasha ku Britain, dzina lonyoza linali mzamba, nankungwi ndi mlembi wa kaundula nthawi imodzi, osalandira ngakhale tambala.

Mabwana a njanji ankayesetsa ndithu. Mu 1927 kampani ya Great Western inatulutsa mitu ya sitima yonyadira n'kuipatsa mayina a mafumu, woyamba King George V, zilembo zake zamkuwa zopukutidwa mpaka kuthobwa m'maso. Zonsezo n'zabwino, koma mkuwa ndi wa bwana, lilime ndi la woponya malasha. Munthu amene wachezera ndi fosholo, mwaye uli bii m'mphuno, ndiye amadziwa dzina lenileni la chilombo chimene chikumuwamba.

Taonani luso lake. Mu 1926 panatuluka mtundu wa injini wojambulidwa ndi George Hughes, masilinda ake akuluakulu atapendekeka ndi kutukulidwa m'mbali ngati mapewa a munthu wofuna ndewu. Antchito anangoyang'ana kamodzi n'kuti Crab, kutanthauza nkhanu. Zinapangidwa 245, ndipo zonsezo zinakalamba zili nkhanu. Panalibe msonkhano, panalibe komiti, panalibe alawansi. Ndi nyumba ya malamulo iti inamalizapo nkhani mwachangu chotere?

Dzina lonyoza lilibenso tsankho, ndipo mboni yake ndi Oliver Bulleid wa Southern Railway. Mu 1941 iye anaveka mainjini ake malata osalala kuyambira kumphuno mpaka kumchira, n'kuwapatsa mayina a makampani a sitima zapamadzi. Inali nthawi ya nkhondo, anthu akudalira nyama ya m'chitini yotchedwa Spam yochokera ku America. Basi, mainjiniwo anasanduka Spam Can, chitini cha nyama. Chaka chotsatira Bulleid yemweyo anapanga mainjini 40 a mtundu wa Q1, ndipo pofuna kusunga zitsulo anawavula chilichonse chokongoletsa. Anali amphamvu kuposa anzawo onse a mawilo 6 m'dzikomo, koma ndani anafunsa za mphamvu? Anawatcha Coffee Pot, ketulo ya khofi, ena n'kumati kabakha konyansa. Kuvala, akunena. Kuvula, akunena. Chilungamo chotere mudzachipeza kubwalo liti la milandu?

Tsopano imirirani, akubwera eni mudzi. Inu a Flying Pig, a Nkhumba Youluka, mwana wa H. G. Ivatt, wobadwa mu 1947, tikuoneni! Munabwera mawilo ali poyera, mapaipi ali pamtunda, ngati mkulu amene wapinda thalauza kuti awoloke mtsinje n'kuiwala kulitsitsa atafika kutsidya. Achimwene anu oyambirira anali ndi chumuni cha makamwa awiri, koma nthunzi n'kumavutabe, woponya malasha thukuta lili kamukamu. Munthu wamba akanangotukwana n'kupita kunyumba. Koma mmisiri wa mayina anaona mphuno, anaona matope, anaona liwiro, n'kumeretsa mapiko pa nyama imene Mlengi anaimana. Imeneyo ndiyo mphatso, anthuni: kunyoza munthu mpaka kumuulutsa.

Kutsidya kwa nyanja nako ufumuwu unafika. Kampani ya Union Pacific ku America inaitanitsa zimainjini zikuluzikulu 25, ndipo maganizo anali oti zitchedwe Wasatch, dzina la mapiri amene zinkayenera kukwera. Mu 1941 wantchito wina wa pafakitale ya ALCO anatola choko n'kulemba kutsogolo kwa injini yoyamba kuti Big Boy, chimnyamata. Mpaka lero dziko lonse limati chimnyamata. Mabwana a mataye, mapepala ali mulu patebulo, anagonja kwa kachidutswa ka choko kosakwana chala.

Nanga moyo wake wautali? Mu August 1968 British Railways inazimitsa moto wa sitima zake za malasha, mainjini ambirimbiri n'kudulidwa ngati ng'ombe pamaliro a mfumu. Pa nkhumba 162 inatsala imodzi yokha, nambala 43106, imene inasungidwa ku Severn Valley Railway. Kumeneko azibambo a imvi, ongodzipereka, amaipukuta, kuithira mafuta ndi kuijambula zithunzi. Akamainena sawerenga zilembo ndi manambala a m'mabuku a kampani. Amangoti nkhumba, nkhope zili mwee. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Apa mpamene mfumu yathu imaulula chinsinsi chake: mlendo sapatsidwa dzina lonyoza. Limapatsidwa kwa amene wakuotcha, wakudetsa, wakuchedwetsa, koma n'kukufikitsa kwanu. Choncho inu amene mwagwira ntchito zaka 20 pamalo amodzi, anzanu n'kumakuitanibe ndi dzina la pachiphaso, bambo uje, mayi uje, musatukumuke. Pitani mukadandaule. Chitsulo cha mphuno yonyansa chinakondedwa mpaka kutchedwa nkhumba, inu simunafikebe ngakhale pa nkhanu.