Maukonde Anandikola Ndili Pampando wa mu Ofesi

Ndivomere poyera: ndinalowa m'masewera a crossword ndi matama. Ku ofesi kwathu ku Lilongwe timakonda kudzaza timabokosi timeneti pa nthawi ya lunch, ndipo tsiku lina mnzathu anabwera ndi kabuku kochokera ku Britain komwe tsamba lake lina linali la mafunso a maukonde okhaokha. Ine, mwana wa ku Nkhotakota, wokulira pa usipa ndi kondowole, ndinalanda kabukuko, ndinakana pensulo imene anandipatsa, ndinasolola bolopeni m'thumba, n'kuuza anzanga kuti apite akadye mtima uli m'malo chifukwa za maukonde n'zakwathu.

Funso loyamba linali "fishing net", mabokosi asanu. Ndinalemba TRAWL mosaphethira, zilembo zikuluzikulu, koma mawu otsika anakana kugwirizana nazo, ndipo m'malo mokayika yankho langa ndinayamba kupotoza mawu otsikawo, kukakamiza W pamene sayenera kukhala, mpaka ngodya yonse ya tsamba inadzaza zinthu zimene si Chingerezi, si Chichewa. Yankho linali SEINE. Ine dzinali ndinkalidziwa ngati mtsinje wodutsa mu Paris basi, osadziwa kuti ndi ukonde wozinga nsomba, wa mtundu wa khoka limene ndinkaliona likukokedwa m'mawa uliwonse ndili mwana.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikudya nsima yanga mwaulemu. Koma ndinapitiriza. Pa "fine net" ndinayamba kuganiza za maso ang'onoang'ono a ukonde wa kambuzi, pamene ankafuna TULLE, nsalu yoonekera ija mkwatibwi amaphimba nayo kumaso, imene inatenga dzina ku tawuni ya Tulle ku France. Pa "hair net" ndinalemba DUKU n'kutsala ndi bokosi limodzi likundiyang'ana, pamene yankho linali SNOOD. Chimene chinandipweteka kwambiri chinali funso la liwu limodzi lokha, "net", limene ndinalifufuza m'nyanja yonse, kufufuta ndi kulembanso mpaka pepala linabooka, kenako mayi wina wa ku accounts anasuzumira paphewa panga n'kunena modekha kuti CLEAR, kupeza ndalama yotsala ukachotsa msonkho ndi zina zonse, chinthu chimene ndimachiona pa payslip yanga mwezi ndi mwezi. Kabukuko kanali kobwereka. Ndinakabweza ndikuyang'ana pansi.

Usiku umenewo ndinadzitonthoza kuti vuto linali Chingerezi. Ndinawerenga pa intaneti kuti crossword yoyamba yamakono inatuluka pa 21 December 1913 m'nyuzipepala ya New York World, ndipo anaipanga ndi Arthur Wynne, munthu wobadwira ku Liverpool. Ndinati ngati iye anatha, ine ndingalephere bwanji m'chilankhulo chimene ndinayamwira? Ndinajambula mabokosi ndi rula, ndinasanja mayina a maukonde a kwathu, ndipo ndinalonjeza achinyamata a kutchalitchi kwathu kuti woyamba kumaliza ndimugulira ma units.

Loweruka limene tinakumana sindidzaliiwala. Funso langa loti "ukonde wogwirira nsomba", mabokosi asanu, chilembo chachiwiri H, ndinkafuna khoka, koma theka la anawo linalemba chavi, ndipo chavi inakwana ndendende. Loti "ukonde wa usiku", mabokosi asanu ndi atatu, oyamba ndi MA, ndinkafuna matchera, koma mtsikana wina analemba masikito n'kundifunsa mwaulemu ngati iye amagona m'neti masana. Mono ndinautchula kuti "ukonde waung'ono", mnyamata wa ku Salima n'kundikumbutsa kuti mono ndi msampha wolukidwa ndi nsungwi kapena bango. Chilimira ndinati "amakokera kumtunda", ndipo apa chipinda chonse chinangoti zii, ine nditaima kutsogolo ndi choko m'manja, thukuta likutsika m'khosi la malaya, ndikuwerenga m'mutu mtengo wa ma units amene tsopano ndinayenera kugulira aliyense popeza aliyense anali atakhoza kuposa mwini mafunso.

Madzulo ndinaimbira foni a malume kumudzi, amene akhala m'bwato moyo wawo wonse. Sanandiseke. Anangoti, "Mphwanga, iwe unkadya nsomba, sunkapha nsomba." Kenako anandiphunzitsa bwinobwino. Khoka amaliponya ndi bwato mozungulira, ndipo anthu amagwira zingwe mbali ziwiri ataima pagombe n'kumakoka mpaka nsomba zifike pamchenga. Chavi ndi ya munthu mmodzi, amaiponya ndi manja n'kutambasuka mozungulira isanamire. Matchera amawatchera madzulo, zoyandama pamwamba ndi miyala pansi, n'kuwasiya aime m'madzi ngati mpanda kuti nsomba ikalowetsa mutu m'diso la ukonde ikodwe, ndipo amakawonjola m'mawa. Chilimira sichifika kumtunda n'komwe: alovi amachikoka ali m'mabwato pakati pa nyanja, masana kufuna utaka, usiku kufuna usipa umene siginala wausonkhanitsa ndi nyali zake. Anandiuzanso chifukwa chake makoka amaletsedwa mu November ndi December, nyengo imene chambo chimaswana pafupi ndi gombe, komanso chifukwa chake amakwiya akaona neti yogonamo italowa m'madzi, popeza maso ake sasiya ngakhale kamwana ka nsomba.

Ndinafunsa kuti, "Nanga malume, ndikanalemba bwanji?" Anati ndizifunsa za ukonde uliwonse kuti ndani amaugwira, waima pati, nthawi yanji, ndipo akufuna nsomba yanji. Pamenepo ndinaona pamene ndinaphonya kuyambira ku ofesi kuja. Funso labwino la crossword limatsekera kunja mayankho ena onse n'kusiya limodzi, ndipo sungatsekere kunja chavi ngati sudziwa chimene chimaisiyanitsa ndi khoka. Ine ndinali ndi mayina okhaokha m'kamwa, ntchito yake ndinalibe. Zimenezi zinandiwawa kuposa manyazi a kutchalitchi, chifukwa sukulu yanga inalipiridwa ndi ndalama za m'maukonde amenewa.

Mafunso aja ndawalembanso, ndipo tsopano lililonse ndimayamba ndawawerengera a malume pa foni ndisanalionetse munthu. La chilimira analivomera. La matchera analibweza, akuti likadali lotayirira, ndipo anenetsa kuti sadzalivomera mpaka nditabwera kumudzi pa holide, ndidzuke mbandakucha, ndikawonjole nawo ndi manja anga. Fomu ya tchuthi ndapereka kale kwa abwana.