Walira Hilux walira galaja

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ankanena za mlimi wopempha mvula usana ndi usiku, amene ikagwa amayamba kudandaula kuti njira yapita kumunda ikuterera. Akanakhala ndi moyo mpaka nthawi ino ya galimoto zotsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, bwenzi atautalikitsa mwambiwu kuti ufike mpaka pa galaja.

Zimayamba bwinobwino. Bambo wa ku Area 18 kapena ku Nkolokosa ali ndi kagalaja kamene anamanga m'mbali mwa nyumba masiku amene ankayendera Vitz. Vitz ndi galimoto yodzichepetsa. Kutalika kwake sikufika mamita 4, ndipo ikalowa imasiyako malo a makasu ndi njinga ya mwana. Kenako bamboyo akwezedwa pantchito, kutchalitchi ayamba kumuitana ngati mlendo wolemekezeka pa pepa sande. Mlendo wolemekezeka safika pa Vitz. Basi agula Hilux ya zitseko zinayi, yotalika kupitirira mamita 5. Tsiku loyamba ailowetsa m'galaja, mutu uli mkati koma kumbuyo konse kuli panja, ngati munthu wamtali wofunda bulangete la mwana.

Apa munthu wodekha akanangogula lona. Koma bambo aitana mmisiri. Mmisiriyo azungulira kagalajako, agogoda khoma ndi chala, apukusa mutu mwachisoni.

"Bwana, kuwonjezera apa n'kutaya ndalama. Maziko ake ndi osaya. Tingogumula, timange ya galimoto ziwiri. Amayi nawonso adzagula yawo."

Amayi ali kukhitchini koma mawu omalizawo awamva, ndipo mlandu wathera pomwepo.

"Masabata atatu tamaliza, bwana," atero mmisiri. Pa kugumula sanama, chifukwa ntchito imeneyo imatha tsiku limodzi, anyamata akuimba nyimbo. Vuto n'lakuti amagumula mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndipo mvula ya Novembala imapeza ngalande za maziko zili yasa. Matope a m'mwambi aja afika enieni, mpaka pakhonde.

Matope ena ndi a m'thumba. Amene anagumula galaja mu Okutobala 2023 akudziwa: mwezi wotsatira kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo thumba la simenti linayamba kusintha mtengo munthu ali m'njira yokaligula. Njerwa zootcha bambo sazifunanso. Chiletsereni boma njerwazo pa zomanga zake ndi zamalonda mu 2018 pofuna kuteteza mitengo, mabuloko a simenti ndiwo asanduka chizindikiro cha munthu wotsogola, ndiye aneba anganene chiyani? Khoma likafika m'chiuno m'pamene bambo amakumbukira kuti mumzinda pulani imayenera kuvomerezedwa ndi khonsolo munthu asanamange. Likafika pamapewa, mmisiri wagweredwa maliro kumudzi, ndipo foni yake nayo ili pachisoni.

Nanga Hilux? Lole yatula mchenga ndi miyala pageti penipeni, moti galimoto imene kale inkagona theka mkati tsopano singalowe n'komwe mumpanda. Ikugona pamalo omwetsera mafuta, alonda akulandira kangachepe usiku uliwonse, mwini wake n'kumafika kunyumba pa kabaza, makiyi ali m'manja kuti anthu asaiwale.

Pomanga pamatulukanso zina zimene palibe anaziwerengera. Geti yakale yapezeka kuti ndi yopapatiza. Mtengo wa mapeyala umene wadyetsa ana zaka zonsezi waima pokhotera, ndiye udulidwe. Galaja ikapakidwa penti, nyumba yeniyeniyo iyamba kuoneka ngati yosiyidwa, nayonso ifuna penti.

Koma matope aakulu amabwera ntchito itatha. Masabata atatu aja amakwana mu Meyi, mwezi wokolola. Galimoto igona m'nyumba yake yatsopano usiku umodzi kapena uwiri, bambo n'kumadzuka pakati pa usiku kukaisuzumira. Kenako matumba a chimanga afika kuchokera kumudzi.

"Bambo, chimanga chikagona panja achiba, komanso chichita chinyezi. Galimotoyi si ili ndi denga lake kale? Zitseko nazo imakhoma yokha."

Yankhani tione. Palibe mwamuna anapambanapo mlandu wotsutsana ndi nsima.

Chimanga chikalowa, njira yatseguka. Ilowa firiji yakufa imene ikudikira wokonza, alowa matumba a makala odikira tsiku lozima magetsi, ilowa mipando ya pulasitiki ya amayi a banki mkhonde, chifukwa amva kuti kuno kuli malo abwino osonkhanira. Pakona pena amayi aikapo anapiye a bizinesi, popeza amafuna potentha. Nkhani ya galaja ifika mpaka kumudzi, ndipo alamu amene akufuna ntchito m'tauni atulukira ndi chikwama, akuti angokhala masiku ochepa. Ayala matiresi pakati pa chimanga ndi firiji, akhoma msomali wopachikapo jekete, ndipo msomali ukakhomedwa dziwani kuti munthu wakhazikika.

Kagalaja kakale kaja kankatetezedwa ndi kuchepa kwake. Palibe ankakasirira. Malo aakulu opanda kanthu panyumba pathu pano sakhalitsa opanda mwini, chifukwa tili ndi abale ambiri, katundu amene sititaya, ndi mbewu zofuna posungira. Pa onse ofuna malowo, galimoto yokha ndiyo siyankhula, choncho ndiyo imatuluka. Wofuna kuti galimoto yake izigona m'nyumba amange galaja yothina, yoti iye mwini azitulukira pawindo.

Bambo uja simungamuuze zimenezi. Loweruka m'mawa mumupeza pabwalo ndi tepi m'manja, mmisiri yemwe uja atabwerako kumaliro, akuyeza poti aimike mapaipi anayi ndi malata ochepa kuti Hilux ipezeko mthunzi. Amayi asuzumira pawindo la kukhitchini.

"Bambo, shediyo muitalikitseko pang'ono, tipeze poyanika mphale."