Ulemerero wa Lamulo Losendeza Manambala pa Mlingo wa Mankhwala

Pa zonse zimene zatamandidwa m'mbiri ya zachipatala, kuphatikizapo penisilini amene Alexander Fleming anatulukira mu 1928, palibe chimene chamanidwa ulemu kuposa lamulo losendeza manambala, ndiko kuti lamulo louza namwino kuti nambala yotsalira kumapeto ikakhala 5 kapena kuposa apo akweze yoyandikana nayo, ndipo ikachepera 5 angoitaya. Lamuloli silinalowepo m'kalasi ya zamankhwala, silidziwa chiwindi kapena impso, komabe ndilo limagamula komaliza zimene zilowe m'thupi la wodwala.

Ukulu wake umaonekera pa dripi. Madzi okwana mamililita 1,000 akafunika kutha m'maola 8 kudzera m'chubu chotulutsa madontho 20 pa mililita, masamu amalamula madontho 41.67 pa mphindi, ndipo popeza chilengedwere dziko palibe namwino amene anabenthulapo dontho, lamuloli limalengeza 42, wodi yonse n'kulandira bodza limeneli ndi manja awiri. Mwana wolemera makilogalamu 11, woyenera mamiligalamu 15 a panado pa kilogalamu, amafunika mamiligalamu 165, omwe pa panado wamadzi wokhala ndi mamiligalamu 120 m'mamililita 5 ndi mamililita 6.875, koma sirinji siidziwa nambala yonyada chotero, choncho lamuloli limaidula mchira kuti ikhale 6.9.

Chipambano chake chachikulu chili pa LA, mankhwala a malungo amene Malawi inayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, pamene odwala amaikidwa m'magulu malinga ndi kulemera kwawo, kotero kuti mwana wa makilogalamu 15 ndi mnzake wa makilogalamu 24 amamwa mapiritsi awiri aliyense pa nthawi imodzi. Kufanana kotereku, kumene andale akhala akulonjeza pamisonkhano osakwaniritsa, lamuloli limakukwaniritsa pazenera lolandirira mankhwala popanda kuomberedwa m'manja.

Monga mfumu yosalola kudzutsidwa kawiri pa mlandu umodzi, lamuloli limafuna kuitanidwa kamodzi kokha, masamu onse atatha, ndipo amene asendeza kulemera kwa wodwala, kenako mamiligalamu, kenakonso mamililita, amalangidwa ndi zolakwika zounjikana mpaka mlingo utasochera. Limayendanso ndi kadontho kolekanitsa nambala yathunthu ndi zigawo zake, kamene kakazimiririka papepala kamasandutsa 1.0 kukhala 10 ndiponso .5 kukhala 5, mphamvu yochulukitsa kakhumi imene fakitale iliyonse ingaisirire. Kadonthoka kanaopsa akuluakulu mpaka bungwe la Joint Commission ku America linaletsa mu 2004 kulemba ziro wopanda ntchito pambuyo pake, n'kulamula kuti ziro azitsogola polemba 0.5.

Kudzichepetsa kwake nakonso n'koyamikika, chifukwa pa makanda obadwa kumene ndi pa mankhwala onga digoxin, amene mlingo wake wochiza uli pafupi kwambiri ndi mlingo wopha, limalola kumangidwa manja, ndipo pamene kukweza kungapitirize mlingo waukulu wololedwa limavomera kutsika ngakhale litaona 9.

Choncho onse ogwira sirinji ayenera kulipatsa lamuloli ulemu wake, ndiwo kuliitana kamodzi, kulemba kadontho kooneka bwino, ndi kupempha mnzawo kuti abwereze masamuwo mankhwala asanaperekedwe.