Boti la a Kaputeni ku Ludzi

Ku Ludzi kulibe nyanja. Kuli mishoni ya Akatolika, chipatala, sekondale ya atsikana, minda ya mtedza ndi fodya, basi. Wofuna kuona madzi osaoneka tsidya lake ayenera kukwera minibasi mpaka ku Lilongwe, akwerenso ina ya ku Salima, ulendo wa makilomita oposa 150. Ndiye mutha kuona mmene anthu anakhamukira tsiku limene mkamwini wa m'mudzi wina kumeneko anatsitsa boti m'lole.

Mkuluyu anakhalitsa ku Cape Town. Anzake ochokera ku Joni amabwera ndi matiresi, firiji ndi wailesi yogwedeza malata. Iye ganyu yake inali yotsuka ndi kupukuta maboti a anthu olemera pa doko la Hout Bay, ndipo bwana wake atatopa ndi kaboti kakale ka faibala anangoti tenga. Dzina lake lenileni linathera pomwepo. Ndi a Kaputeni.

Nyakwawa inazungulira botilo, manja kumbuyo.

"Taliona, a Kaputeni, mwagwira ntchito. Nanga madzi ake afika liti?"

"Lole inadzaza, mfumu. Abwera ulendo winawu."

Gogo wina amene anafika mochedwa anasuzumira m'katimo n'kupukusa mutu: "Bafa lonseli munthu mmodzi? Ku Joni kuli litsiro ndithu."

*

Botilo linafika lotuwa mbuu. Faibala imakhala ndi kakhungu kopyapyala pamwamba, kamene eni ntchito amati gelcoat, ndipo dzuwa likakawomba zaka zambiri kamafumbutuka. Ukapititsapo chala, chimabwera ndi ufa woyera. A Kaputeni anafotokozera khamu lonse kuti wofuna kubweza kuwala sayambira polishi. Atsuke kaye ndi sopo mpaka mchenga wonse uchoke, chifukwa kamchenga kamodzi kotsalira pansanza kamalemba mizere thupi lonse la boti. Akatero akhule ndi sandipepala wonyowetsa m'madzi.

Apongozi awo aamuna ndi kalipentala wa zitseko ndi mipando, choncho atamva za sandipepala anasendeza kampando kawo.

"Mukuti sandipepala wanji, bambo?"

"Tiyamba ndi wa 1000, kenako wa 2000."

"Kapepala kamodzi?"

"Kamodzi, bambo."

"Ine ku Kamwendo ndimagula wa 80, ndipo amadya thabwa kuposa wanuyo."

A Kaputeni anayesa kulongosola kuti nambalayo si mtengo, imanena kusalala kwa pepala, ikamakula pepalanso limasalala. Apongozi anavomera zonse mwaulemu. Madzulo anaitana mwana wawo kuseri kwa nkhokwe n'kumuuza kuti ndalama za feteleza azisunga yekha.

*

Pambuyo pa sandipepala pamabwera phala lokhulira, kenako polishi, pomaliza phula lotchinga dzuwa. Ku Hout Bay zonsezi amachita ndi makina amagetsi. Kuno makina anali alamu awo atatu, malipiro ake zitumbuwa.

Phula lili ndi malamulo. Umapaka pang'ono, kachigawo kakang'ono, kudikira kuti liume mpaka lichite ngati nkhungu, kenako kupukuta ndi nsanza yofewa. Ndipo supaka padzuwa, chifukwa limauma msanga n'kukakamira. Mthunzi wokwanira boti m'mudzi monsemo unali umodzi wokha, patsinde pa mango pamene madoda amasewerera bawo kuyambira kale. Bawo linasamutsidwa. Mpaka lero pali anthu awiri amene sapatsana moni ndi a Kaputeni, ndipo mmodzi amati akanapambana masewera a tsiku limenelo.

Kachitini ka phula kochokera ku Cape Town kanatha mbali imodzi yokha itawala. A Kaputeni anagona osadya bwino. Mlamu wawo wamng'ono, mwana wachifundo, analawirira m'mamawa, anatenga Cobra wofiira amene achemwali ake amapaka pakhonde, n'kumalizitsa mbali inayo ndi mtima wake wonse.

Tsono botilo linali ndi mzere wabuluu kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Pofika 7 koloko nkhani inali itafika kale pa siteji ya akabaza: boti la a Kaputeni lachoka ku Manoma, lalowa Maule. Ena anati ayi, mbali imodzi idakali ku Wanderers, likudikira kuona amene atenge ligi.

"Alamu, mwandipha," anatero a Kaputeni, atagwira m'mutu.

"Koma likuwala, alamu."

Kuchotsa Cobra uja kunadya sabata, ndipo zitumbuwa zinakwera mtengo.

*

Phula lina linabwera kuchokera ku Lilongwe, ntchito inatha, ndipo tinene zoona, chinthucho chinawala. Munthu ankadziona nkhope mpaka mano.

Woyamba kuvutika anali tambala wa apongozi aakazi. Anapeza tambala mnzake m'mbali mwa boti, wofanana naye msinkhu ndi mwano, ndipo anamenyana naye kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa. Mawa lake anabwereranso. Tsiku lachitatu apongozi anatuma mwana kukanena kuti tambala wachilendoyo mwini wake amutsekere.

Lamulungu njira ya ku tchalitchi inakhota yokha. Amayi ankadzera patsinde pa mango kukonza duku, anyamata kukonza kolala. Wometa tsitsi wina anabwera kudzafunsa ngati angabwereke mbali imodzi ya boti masiku a msika.

Pali lamulo lina limene a Kaputeni anaiwala kuuza alamu awo: phula ndi la kunja kwa boti, popondapo sapaka. Anawo, poona kuti latsala, anapaka m'kati monse, ndi pokhalira pomwe. Tsiku limenelo n'lomwe nyakwawa inabwera ndi alendo ochokera ku Chipata kudzawaonetsa chitukuko cha m'mudzi mwake. Inakwera yokha, jekete ili pathupi, inakweza dzanja kuti iyambe kulankhula. Mawu oyamba anatuluka ili chiimire. Achiwiri anatuluka miyendo ili m'mwamba.

Mlandu unakambidwa pabwalo. A Kaputeni anati iwo sanapake. Alamu anati iwo sanakankhe munthu. Nduna zitanong'onezana, chigamulo chinali chakuti wolakwa ndi boti, koma poti boti silifuya, nkhuku ziwiri za chindapusa zichokere kwa mwini wake. Tambala wandewu uja anali m'gulu la zoperekedwa, ndipo akuti anapita osadandaula.

*

Tsiku lina kunafika mkulu wa ku Nkhotakota wogulitsa usipa panjinga. Ameneyu ndiye anali munthu woyamba m'mudzimo, kupatula a Kaputeni, amene anakwerapo chinthu choyandama. Anagogoda botilo ndi chala, anagwada, anasuzumira kunsi.

"Achimwene, mpaka kumimba mwapukuta?"

"Paliponse."

"Kumimba kwa boti sapukuta, amapaka penti yoletsa ndere. Ilala yomwe ija, yayenda panyanja kuyambira 1951, akaikweza pa doko ku Monkey Bay amaipala n'kuipaka penti. Simunamvepo kuti aitanitsa polishi."

Anapitiriza kuti kwawo bwato likang'ambika amamata ndi phula la mumsewu, kapena kusungunula chigubu chapulasitiki, pena kukhomapo kachidutswa ka lata, m'mawa ali pamadzi. "Chambo sichiyang'ana kuwala, achimwene."

A Kaputeni anakwiya. Anaitanitsa kapu ya madzi kuti amuonetse munthuyo chimene phula labwino limachita. Anathira pambali pa boti. Madzi anasanduka timikanda, tinagubuduka tonse mpaka pansi, osasiya ngakhale dontho.

"Mwaona? Madzi sakhalapo!"

Gogo wa bafa uja anaomba m'manja: "Eya, lazolowera kwathu kuno. Boti lokana madzi, limeneli ndiye la ku Ludzi."

*

Mvula itakhwima mu February, anyamata anayamba kuwavutitsa kuti botilo alilowetse m'madzi. Aphunzitsi ena anajambula ulendo wonse pansi ndi kamtengo: mtsinje wa Bua umayambira konkuno ku Mchinji, umalambalala Kasungu, umadutsa m'nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota n'kukathira m'nyanja. Ngolo ilipo, ng'ombe zilipo, angolitengera ku Bua basi.

A Kaputeni anafunsa ngati m'Bua muli miyala. Anati ilimo. Matope? Alimo. Ng'ona? Kumunsi ziliko.

"Ng'ona zilibe kanthu," anatero. "Koma miyala ikanda."

Ulendo unathera pomwepo.

Amene anapeza ntchito ya botilo ndi mayi a kunyumba. Nthawi yokolola, matumba atasowa, anakhuthulira mtedza m'botimo n'kufunditsa lona, amuna awo ali ku maliro. Usiku anamva phokoso panja, natuluka ndi tochi. Makoswe anali pamzere. Lililonse linkathamanga, kudumphira pambali pa boti, kutsetsereka, n'kugwa chagada. Lina linabwerera m'mbuyo kukatenga liwiro, koma zinali chimodzimodzi.

A Kaputeni pobwera anapeza mtedza uli tho mpaka pokhalira.

"Mayi, ichi n'chombo cha panyanja ya mchere!"

"Abambo, chaka chatha makoswe anatidyera matumba awiri. Chombo chanucho sichinataye ngakhale njere imodzi."

Tsopano amene amakumbutsa za phula ndi mayiwo. Mtedza ukayamba kukhwima amatulutsa okha ndalama m'kansalu, kutuma mwana ku Lilongwe, n'kuimirira pambali kuona ngati bambo akupukuta bwino kumunsi kumene makoswe amadumphira. Apongozi aamuna nawo anabwera mwakachetechete kudzafunsa mkamwini wawo ngati nkhokwe ya nsungwi ingatheke ndi sandipepala wa 2000.