Safunsa wa Lero Ali ndi Foni M'thumba

Akale adati safunsa adadya phula. Ena akuti mwambiwu udatha ntchito poti masiku ano aliyense amafunsa. Inde amafunsa, koma amafunsa foni, ndipo foni ikamamasulira liwu lachilendo imakupatsa tanthauzo lotchulika m'tchalitchi, lina lija n'kulikhalira. Phula udya ndithu, bandulo n'kutheranso pomwepo. Ku Thailand liwu loti hoi ndi nkhono za m'madzi zimene amadya, komanso achipongwe amatchulira maliseche a mkazi. Mlendo woyamikira ndiwo mokweza akhoza kugwetsa msika wonse ndi phwete iye osadziwa chimene walakwa.

Koma Thailand n'kutali. Loweruka lomaliza la Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakhamukira ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo pakakhala khamu amalonda olankhula Chibemba sasowa. Kwa iwo ukukwata n'kukhala ndi chinthu, basi. Mbemba akati "Namukwata chenji?" akungofunsa ngati muli ndi ndalama zing'onozing'ono. Koma mayi wa ku Dedza amene wamva zimenezo apongozi ake ali pambali amasowa poyang'ana, chifukwa kwawo liwulo ndi la kumphasa, ndipo anyamata amene amva ayamba kale kufunsana kuti wochitidwa zimenezoyo ndani.

Wina anena kuti nkhaniyi ndi yaing'ono, anthu amaseka n'kuiwala. Kuseka amaseka, koma kuiwala ayi: dzina lachipongwe limabadwa tsiku lomwelo, ndipo ana ako amalilowa ngati ufumu. Wina afunsa kuti nanga ufunsa yani, poti munthu wamkulu satchula zolaula? Sachita kutchula. Akatsokomola n'kuyamba kulemba pansi ndi chala, wayankha kale, ndipo foni kutsokomola siitha. Chovuta chenicheni n'chakuti si munthu aliyense wofunsika. Mbemba ndi mbuya wathu ife a kum'mawa kwa Zambia, ndipo chimbuya chimamulola kukuphunzitsa liwu lonyansa n'kukuuza kuti ndi moni waulemu, kenaka n'kukutsatira kuti akaone mmene anduna alilandirire. Mlandu sangakhale nawo. Choncho liwu limene mbuya wakupatsani akumwetulira, kaliyeseni kaye kwa agogo kuseri kwa nkhokwe musanalitulutse pabwalo.