Walira Mvula Walira Matope, Ngakhale pa Kompyuta

Makolo athu sanaonepo graphics card, koma wosewera magemu pa kompyuta ankamudziwa bwino lomwe. Anati walira mvula walira matope. Mlimi amatha Novembala yense khosi lili m'mwamba, akudandaula kuti mbewu zipserera. Mvula ikagwa, yemweyo ndiye woyamba kunyoza msewu woterera. Wa magemu nayenso amalira usana ndi usiku. Akufuna madzi a m'gemu azinyezimira, udzu wa pabwalo uziwerengeka umodziumodzi, thukuta la wosewera mpira lizioneka likutsika pamphumi. Kampani yopanga khadi ikamva kulirako n'kumutumizira driver watsopano, iye amagula bandulo, kudawuniloda mamegabaiti opitirira 600, n'kudina batani akumwetulira. Madzulo ake, mphindi ya 89, goloboyi wagwa kale, kwangotsala kukankhira mpira muukonde, sikirini ija bii! Masipika okha ndiwo atsala, nawonso akungoti trrrrr.

Woyamba kulangidwa ndi mausi, imene imamenyetsedwa patebulo mlandu usanazengedwe. Wachiwiri ndi mng'ono wake, chifukwa tsiku lina anapezeka akuonera makatuni pa kompyutapo. Zikachitikanso, maganizo amafika kwa aneba aja amene sanamwetulire tsiku limene katoni ya kompyuta inkalowa m'nyumba. Koma kawirikawiri wolakwa amakhala mlendo yemwe walandiridwa ndi manja awiri m'mawa uja.

Ntchito ya driver ili ngati ya womasulira pamsonkhano. Gemu imalankhula chinenero chake, DirectX kapena Vulkan. Khadi la zithunzi limamva chakwawo chokha. Driver amaima pakati n'kumatembenuza mawu kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Wapampando ndi Windows, ndipo ndi wosaleza mtima. Kuyambira pa Windows Vista pali lamulo lotchedwa TDR: khadi likangokhala duu masekondi awiri, wapampando amamuthira madzi womasulirayo kuti atsitsimuke. Sikirini imathima pang'ono, n'kubwerera ndi kauthenga kaulemu koti driver analeka kuyankha koma tsopano wachira. Iye wachiradi, koma gemu yanu ndiye yatisiya. Akakanika kutsitsimuka, kapena akakomoka kopitirira kasanu m'mphindi imodzi, wapampando amatseka msonkhano wonse: sikirini ya buluu, mawu oti VIDEO_TDR_FAILURE, ndi dzina la woganiziridwa m'munsi mwake. Ngati khadi lanu ndi la Nvidia muwerenga nvlddmkm.sys, la AMD, atikmpag.sys kapena amdkmdag.sys, la Intel, igdkmd64.sys.

Musadzione ngati tsoka lasankha inu nokha. Matopewa ndi akale, ndipo agwetsa anthu a mitundu yonse. Mu 2008, zikalata zimene zinatuluka pa mlandu wokhudza Windows Vista ku America zinasonyeza kuti pa ngozi 100 zilizonse zimene Microsoft inalemba za Vista mu 2007, pafupifupi 29 zinachokera kwa madriver a Nvidia. Mu Malichi 2010 Nvidia inachotsa mofulumira driver 196.75 chifukwa ankasokoneza fani, makadi n'kumawotcha kwambiri. Ngati a ku AMD anaseka, sanaseke zaka zambiri: chakumapeto kwa 2015 driver wawo wa Crimson ankagwira fani ya makadi ena kuti izizungulira mwaulesi gemu ili mkati. Eni RX 5700 XT, khadi la 2019, anazolowerana ndi sikirini yakuda kufikira AMD itatulutsa mankhwala mu Febuluwale 2020.

Ndiye panabwera 2025. Mu Januwale Nvidia inatulutsa makadi a RTX 50 pamodzi ndi madriver a nambala 572. Mvula inali ya eni makadi atsopanowo, koma matope anakokolokera ndi kwa aneba omwe. Zinafika poti opanga magemu a inZOI ndi The First Berserker: Khazan analangiza eni RTX 40 kuti abwerere kwa driver 566.36 wa Disembala 2024. Chinsinsi chake n'chakuti driver watsopano amalembedwa maso ali pa khadi latsopano ndi gemu yatsopano. Nanga inu achimwene a GTX 1060 la 2016, amene mukusewerabe gemu yomwe ija ya zaka zisanu zapitazo, mumalirira mvula ya chiyani, munda mulibe?

Koma poti mwaterereka kale, tiyeni tikudzutseni. Sikuludalaivala ikhale kaye m'bokosi. Sikirini ikada kompyuta ikadali ndi moyo, dinani Windows, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi: mumva kakulira kamodzi, sikirini iphethira, ndipo mwina driver adzuka. Kenako tsegulani Reliability Monitor. Muona masiku atandandalikidwa, ena ali ndi timitanda tofiira. Pitani pa tsiku limene kamtanda koyamba kanaoneka, muone chimene chinalowa m'kompyuta tsiku limenelo kapena dzulo lake. Funso lonse ndi limodzi: chasintha n'chiyani? Kompyuta imene yakhala bwinobwino chaka chathunthu siyamba misala popanda woiputa.

Ngati woiputa ndi driver watsopano, mubwezeni kwawo. Mu Device Manager muli batani la Roll Back Driver lobwezeretsa wakale uja. Likakhala lofooka losadinika, pali kapulogalamu kaulere ka Display Driver Uninstaller, kamene aliyense amangoti DDU. Ntchito yake ndi kusesa zonse, chifukwa zotsalira za driver wakale zikasakanikirana ndi watsopano, makamaka ngati mwachoka ku AMD kupita ku Nvidia, mumaona nokha kuti mapanga awiri avumbwitsa. Kayendetseni mu Safe Mode, ndipo intaneti muyambe mwaidula. Mukaiwala zimenezi, Windows Update ndi wachifundo chopweteka: akangoona nyumba yosesedwa, amalowetsamo driver wa kumtima kwake inu musanapukute n'thukuta lomwe.

Zikapitirira, driver angakhale akusenza mlandu wa ena. Ngati munakweza liwiro la khadi pa MSI Afterburner pofuna mafulemu asanu owonjezera, bwezerani pamene linali. Amenewo ndi matope ogula ndi ndalama zanu. Chitani chimodzimodzi ndi XMP, yokweza liwiro la RAM. Kenako zimitsani, zulani pulagi, tsegulani chivindikiro muone. Zipsepse za fani zavala fumbi lofiira la Okutobala, pakati pa tizitsulo toziziritsa paunjikana ubweya wa bulangete, ndipo pakona kangaude wamanga, wakwatira, ali ndi ana. Khadi likuwira pamenepo, inu mukunyoza mainjiniya amene analipanga. Pomaliza yang'anani power supply. RTX 4090 yokha imatha kumwa mawati 450, ndipo pali anthu amene amatha ndalama zonse pa khadi n'kulimangirira ku kabokosi kotchipa kopanda dzina. Kompyuta ikamangozima phi gemu ikafika potentha, popanda sikirini ya buluu kapena uthenga, yambani mwafunsa kabokosi kameneko.

Lamulo lovuta kuposa onse ndi ili: sinthani chinthu chimodzi, sewerani, muone. Wopupuluma amasintha driver, RAM, BIOS ndi nthambo usiku umodzi. Vuto likatha sadziwa chamuchiritsa, likabwerera sadziwa poyambira. Chenjeraninso ndi alangizi awiri amene sasowa. Woyamba ali ndi mankhwala amodzi a matenda onse, ngakhale a kiyibodi yothiridwa tiyi: “Bwana, ingofomatani.” Wachiwiri ndi wophunzira pang'ono. Akuuzani kuti mulowe mu Registry mukweze TdrDelay kuchoka pa masekondi awiri kufika pa 60. Driver azikomokabe monga kale, kungoti tsopano muzimulira mphindi yathunthu.

Nthawi zina woganiziridwa amakhala wosalakwa ndithu. Mu 2024 anthu ambiri a magemu a Unreal Engine ankalandira uthenga woti memore ya khadi yatha, pamene khadilo linali ndi malo ochuluka. Anachotsa madriver, anabwezera, anatukwana Nvidia mpaka mawu kusasa. Nvidia inaloza chala kwina, ndipo mu Julayi Intel inavomera kuti mapurosesa ake ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankalandira mphamvu ya magetsi yopitirira muyeso. Sindinamve kuti pali amene anabwerera kukapepesa kwa driver.

Choncho kauthenga koti kwabwera driver watsopano kakadzatulukiranso pakona ya sikirini, werengani kaye zimene akuti wakonza. Ngati gemu yanu sinatchulidwe, msiyeni adutse. Ngati yatchulidwa, dikirani sabata imodzi kapena ziwiri, ena othamanga magazi akayambe ndiwo kuyeza kuya kwake, ndipo driver wakale amene akukusungani bwino mumusunge pa fulashi. Mukachita zonsezi n'kupeza kuti gemuyo ikugwetsa aliyense, wa Nvidia, wa AMD ndi wa Intel yemwe, ndiye kuti vuto lili kwa oipanga, ndipo palibe chimene zala zanu zingachite kufikira atatumiza chigamba chawo. Zimitsani kompyuta. A m'nyumba akhala akukuitanani kuti mukadye kuyambira 7 koloko, ndipo mbale za dzulo akuti ndi zanu.