Ulemu upite kwa Kapuku

Mkango uli ndi ndakatulo zake, njovu ili ndi malo osungirako nyama. Nanga Kapuku, mbewa imene akatswiri amaitcha Mastomys natalensis, adalakwanji kuti timangomukumbukira akatungidwa pampani m'mbali mwa msewu wa M1?

Tiyambire pa kubereka. Mayi Kapuku ali ndi mawere oposa 16, ndipo kuswa ana 10 kamodzi kwa iwo si nkhani yoitanira anamwino. Mvula ikagwa bwino, chimanga nkuchita, fuko lonse limasefukira m'minda ndi m'nkhokwe. Unduna uti udakwanitsapo chitukuko chofulumira chotere?

Koma ulemerero weniweni wa bwanayu ndi kuchereza alendo. M'thupi mwake mumagona mavairasi, salipira lendi, ndipo mwininyumba sadwala nawo. Kapuku akatenga kachirombo ka Lassa ali wakhanda, amatha kukasunga moyo wake wonse, nkumakagawa mumkodzo ndi m'ndowe kwa aliyense wosiya ufa posavundikira. Alibe tsankho. Dziko lidazindikira kuolowa manja kumeneku mu 1969 ku Nigeria, pamene anamwino a mishoni adadwala kuyambira m'tauni ya Lassa, awiri nkumwalira. Mpaka lero chaka sichitha matendawa osapha anthu ku Nigeria, Sierra Leone, Liberia ndi Guinea.

Onaninso dongosolo lake. Kapuku ali pafupifupi paliponse kum'mwera kwa Sahara, koma adagawikana m'mafuko, ndipo fuko lililonse lili ndi mlendo wakewake amene lakhala nalo mibadwomibadwo. A kumadzulo adatenga Lassa. A ku Mozambique asunga Mopeia, a ku Tanzania ali ndi Morogoro, a ku Zambia ali ndi Luna. Kachirombo kamazolowera fuko lake, kakafika m'malire a fuko lina nthawi zambiri kamabwerera, ngakhale mbewazo zimaonana. Alendo a mbali yathu inowa sanapezekepo akudwalitsa munthu. Tithokoze, koma chapansipansi, poti mu 2008 kachirombo ka banja lomweli, Lujo, kadagwira anthu asanu kuyambira ku Lusaka kukathera ku Johannesburg, anayi nkufa.

Swiswiri, uja wa mphuno yosongoka amene amati akadumpha njira amafa, asadandaule kuti tamuiwala, ngakhale si mbewa nkomwe. Mbale wake wa ku India ndiye adapezeka ndi kachirombo ka Thottapalayam mu 1964, wasayansi Ho Wang Lee asanatulukire kachibale kake kotchedwa Hantaan m'mbewa za ku Korea mu 1976. Adatsogola ndi zaka 12 popanda womuombera m'manja.

Tsono mukakumana naye Kapuku, muvulireni chipewa. Mukatero vundikirani ufa, tsekani una wa kuseri kwa chitseko, ndipo inu anyamata okumba mbewa, sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima.